Galimoto Yofiira ya a Jafali

Tiki, tiki, tiki-tiki-tiki. Kenako zii.

Umu ndi mmene pampu ya petulo ya galimoto yofiira ija inkalirira munthu ukapotoza kiyi, injini usanailize. Inali pansi, kuseri kwa mipando, pafupi ndi batire. Inkagunda mofulumira mpaka makabureta awiri atadzaza, kenako n'kukhala chete. Pa garaji yonse ya a Mwale ku Unit D, kunja kwa mzinda wa Harare, ndine ndekha ndinkaimvetsera.

Ntchitoyo anandipezera ndi agogo. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'chipinda chimodzi ku Unit O ndi amayi awo a mayi anga, omwe ankagulitsa tomato pa geti. Nditamaliza maphunziro a umakaniko ndinakhala chaka chathunthu pakhomo, satifiketi ili pansi pa matiresi. Lamlungu lina, mapemphero atatha, agogo anawatsekera njira a Mwale pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona. Anawakumbutsa kuti bambo awo a Mwalewo ndi agogo anga aamuna anachoka limodzi ku Dedza kudzafuna ntchito m'dziko muno. A Mwale sankakonda kukumbutsidwa zimenezo pagulu, choncho anavomera msanga kuti nkhani ithe.

"Miyezi itatu yoyesa," anatero. "Akalephera musadzandilirire, gogo."

A Mwale ankavala ovolosi yoyera imene sindinaionepo ili ndi dontho la oyilo. Chuma chawo chinali kamakina kowerengera matenda a galimoto, kamene ankakasunga m'kachikwama ngati Baibulo. Galimoto ya ku Japan ikabwera, ankalumikiza kamakinako pansi pa chiwongolero, n'kudikira. Kakanena kuti sensa, ankasintha sensa. Kakapanda kunena kanthu, ankauza mwini wake kuti kompyuta ya galimoto yafa. Umakaniko wawo unkayambira pamenepo n'kuthera pomwepo. Ine ankanditchula Chimumumu, mawu a Chishona a munthu wosalankhula. Ndinkawayankha, chifukwa dzina si limene ndinabwerera.

Galimoto yofiirayo inafika m'mwezi wanga wachitatu, ikukokedwa ndi chingwe. Inali ya ku Mangalande, ya mipando iwiri, yopanda denga, yopangidwa agogo anga ali mtsikana. Mwini wake anali a Jafali, a sitolo ya misomali ndi penti ku Zengeza 1. Bambo awo anali khukhi wa mzungu wina ku Harare, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira galimotoyo. Inakhala zaka pansi pa tenti mpaka a Jafali anaipentetsa, n'kuigulira matayala atsopano.

"Imayenda bwino, mudhara," anafotokoza m'Chishona, mudhara kutanthauza mdala. "Koma pakapita mphindi khumi imatsokomola n'kuzima. Ndikaima pang'ono imalira, ndikayenda imazimanso."

Anthu awiriwa onse ankamva Chichewa, koma a Mwale anayankha m'Chingelezi, kuti vuto ngati limeneli ndi la masiku awiri. Kenako anatenga kamakina kawo, anagona chagada pansi pa chiwongolero, n'kufunafuna polumikiza kwa theka la ola. Ine ndinkawagwirira tochi. Ndinkadziwa kuti palibe, koma palibe anandifunsa.

Kamakina katakanika, anayamba kusintha zinthu mmene munthu amamwera mankhwala a mnzake, kungoti mwina athandiza. Anasintha mapulagi. Anasintha mapointi ndi kondensa. Anasintha koyilo, akuti ikatentha imafooka. Tikapita kukayesa pa msewu wa Seke, galimoto inkazima cha pomwepo, mphindi khumi zikakwana. Geji ya petulo inali yakufa, choncho chinthu choyamba chimene a Mwale ankachita chinali kupita kumbuyo, kutsekula thanki ndi kuviika kamtengo kuti aone ngati petulo alimo. Akatero ankatsekula boneti, n'kugwedeza waya uyu ndi uyo, nkhope ili yolimba ngati dokotala. Akapotoza kiyi, galimoto inkalira.

"Waona, Chimumumu? Manja awa," ankatero.

Sabata yachiwiri anaganiza zoti vuto ndi batire. Anagula latsopano n'kuliika okha, ine ndili kunja kutsuka makabureta m'beseni. Magalimoto akale a mtundu umenewu amalumikizidwa mosiyana ndi a masiku ano: waya wa polasi ndi umene umapita ku chitsulo cha galimoto, osati wa mainasi. Zinalembedwa pa kachitsulo pansi pa boneti, m'Chingelezi chomwe a Mwale ankachikonda chija. Iwo analumikiza mwa chizolowezi. Injini italira, kabokosi kolamulira magetsi a dainamo kanatulutsa utsi, waya wabulauni n'kusungunuka mpaka pakati. Ndinathamanga n'kumasula batire ndi sipanala, chala changa n'kupsa.

A Jafali anafika masana omwewo, fungo lisanathe. Anandipeza ndili ndi sipanala m'manja.

"Ndi mnyamata uyu," anatero a Mwale, akupukusa mutu. "Ndinamutenga mwachifundo, ndi wamasiye. Ndangotembenuka pang'ono, taonani zimene wachita."

A Jafali anandiyang'ana kuyambira kunsapato. Nsapato zanga zinali zomangidwa ndi waya, ovolosi ya a Mwale inali yoyera. Mlandu unathera pomwepo. Anati Lachisanu likafika galimoto isanachire, aitenga apite nayo ku tauni. Atachoka, a Mwale sanandiyang'ane n'komwe.

"Ikachoka pano ili yodwala, uchoka nayo limodzi. Ukawauze agogo ako."

Sindinawauze. Agogo anali atauza kale msewu wonse kuti mdzukulu wawo ndi makaniko, ndipo m'mawa uliwonse ankandikulungira mbatata mu nyuzipepala ngati munthu wopita ku ofesi. Kubwerera kukakhala pa geti ndi tomato ndikanatha kupirira. Kuwaona akudutsa pakhomo pa tchalitchi, a Mwale akuwamwetulira mwachisoni, ayi.

Masiku atatu ndinawathera pa mawaya. Ndinadula wopsa uja n'kuika wina, ndinapala mapointi a m'kabokosi ndi sandipepa, ndinagunditsa waya wa batire pa dainamo kuti ibwerere m'njira yake. Ndinayesa waya uliwonse ndi babu laling'ono la mawaya awiri, kuyambira pa fyuzi mpaka pa koyilo ndi pa pampu. Magetsi anali bwinobwino. Matenda oyamba aja anali akadali m'thupi, ndipo ine sindinkawadziwa.

Lachisanu a Jafali anati ayendetsa okha. A Mwale, amene m'mawa umenewo anali atasintha koyilo kachiwiri, anakhala pa mpando winawo. Ine anandipanikiza kuseri kwa mipando, pa kashelefu ka katundu, bokosi la zida lili pa maondo. Anthu a m'makombi, maminibasi akuno, ankatiloza n'kumaseka. Koma malo onyozekawo anali pamwamba penipeni pa pampu, ndipo ndinkaimva kudzera m'mafupa.

Poyamba inkagunda mopepuka, apo ndi apo. Titayenda kanthawi kugunda kwake kunalemera, kunayamba kutalikirana, ngati munthu akukoka chinthu chimene chikukana kubwera. Kenako injini inatsokomola, tinaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha.

A Jafali anamenya chiwongolero. A Mwale anatsika, anatenga kamtengo kawo, n'kupita kumbuyo. Atapotoza chitsekero cha thanki, ndinamva phokoso limene ndinali nditalimva kangapo osaliganizira: fyuu, mpweya ukulowa, chitsulo cha thanki n'kulira pang'ono pobwerera m'malo mwake. Anaviika kamtengo, anatseka, anapita kukagwedeza mawaya. Galimoto inalira.

"Kachinthu kakang'ono," anauza a Jafali. "Ndakapeza tsopano."

Titayenda mphindi khumi inazimanso. A Jafali anatulutsa foni kuti aitane wodzaikoka. A Mwale anafikiranso kamtengo.

"Musatsekule thanki, abwana," ndinatero.

Onse anatembenuka. Ndikhulupirira kuti a Jafali ankaganiza kuti ndinedi wosalankhula.

"Gwedezani mawaya aja kaye, thanki ili chitsekere, tione ngati ilire."

"Iwe ndi amene ukundiphunzitsa ntchito?"

"Musiyeni anene," anatero a Jafali, m'Chichewa tsopano. "Chitani zimene wanenazo."

A Mwale anagwedeza mawaya. Anagwedezanso. Anavula waya wa koyilo, anaupemerera, n'kuubwezera. Injini inazungulira mpaka batire linayamba kufooka, koma sinalire. Thukuta linatsikira pa kolala yoyera ija. Mayi wina wodutsa ndi dengu anaima kuti aonerere.

Ndinatsika, ndinawapempha a Jafali kuti aike khutu pafupi, n'kupotoza chitsekero. Fyuu. Pampu inagunda mofulumira ngati yasangalala, ndipo injini inalira pa kiyi woyamba, boneti palibe waikhudza.

"Chitsekero ichi munachigula kuti, bambo?" ndinawafunsa a Jafali.

"Ku tauni. Chakale chinalibe loko, anyamata ankandipopa petulo ndi payipi."

Ndinawafotokozera. Chitsekero chakale chinali ndi kabowo kolowetsa mpweya. Chatsopanocho chinali ndi labala yotseka kotheratu. Petulo akamatuluka, mpweya osalowa, thanki imadzikoka yokha mpaka pampu imalephera, monga chitini cha mkaka chimene wachiboola bowo limodzi. Tinabwerera chitsekero chili chomasuka, tinazungulira mpaka ku Zengeza ndi kubwerera, injini osatsokomola ngakhale kamodzi.

Ndinkayembekeza kuti wina anena kanthu za utsi uja. Pa garaji a Mwale anandigwira paphewa, koyamba chiyambire ntchito.

"Ndimawaphunzitsa choncho anyamata anga," anauza a Jafali. "Ndimadziwa yankho, koma ndimawasiya alipeze okha. Apo ayi saphunzira."

A Jafali anagwedeza mutu kuvomereza. Munthu anali atamva mpweya ndi khutu lake, anali ataona mnzake akupemerera waya, komabe anagwira chanza cha a Mwale ndi manja awiri n'kulonjeza kuwabweretsera lole yake. Ine ndinali pa benchi, ndikuboola kabowo m'mbali mwa chitsekero ndi kachitsulo koboolera kakang'ono kwambiri, kutali ndi thanki. Ndinachipukuta, ndinachibwezera, a Jafali n'kunyamuka osayang'ana kumbuyo.

Tsopano ndili ndi kashedi kanga, ndipo magalimoto akale amandipeza okha. Zimene ndinatenga kwa a Mwale ndi ziwiri. Galimoto ikazima n'kuliranso yokha, sindifunsa chimene makaniko akuti anakonza. Ndimafunsa chilichonse chimene dzanja la munthu linakhudza pakati pa kuzima ndi kulirako, ngakhale chooneka chopanda pake, ndipo sindigula chitsulo chatsopano ndisanamvetsere chakale. Chachiwiri n'chakuti kukhala wolondola sikusintha maganizo a munthu amene anakuweruza kale poona nsapato. Ndinasiya kudikira kuti anthu otere apepese. Ndimangoonetsetsa kuti pochitika zinthu pali khutu lina kupatula langa.

Madzulo a Lachisanu limenelo ndinasamba m'manja ndi sopo wa ufa, n'kuima pa geti, osadziwa ngati ndili pa ntchito kapena ayi. A Mwale anatseka ofesi, anakwera galimoto yawo, anailiza, kenako anatsikanso n'kutsekula buti. Anatulutsa ovolosi yabuluu yakutha m'maondo, pachifuwa palembedwa dzina la Tendai, munthu amene sindinamuonepo.

"Lolemba seveni koloko," anatero. "Uichape kaye."

Anandipatsa m'manja, n'kupita.