Madzi a Zena Analibe Mchere

Mwanabibi anabadwira kutsidya kwa malire, m'mudzi wina kuseri kwa Mandimba, ndipo akanakalambira komweko nkhondo ikanapanda kumuzula. Anakula monga ankakulira atsikana a kumeneko: kutunga madzi, kupalira, kuvinidwa, kenako banja. Kuchinamwali anankungwi anamulangiza zambiri, koma chimodzi anachibwereza mpaka chinamulowa m'mafupa: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya. Akathira, wodyayo amagwidwa ndi ndaka, imene ena amati mdulo. Amatupa miyendo, kutsokomola, mapeto ake manda. Kwawo lamuloli silinkalemera. Mng'ono wake anali pafupi, azakhali khomo lachiwiri. Umangoitana, wina n'kudzakuthirira.

Mwamuna wake, Jailosi, anatengedwa ndi anthu a mfuti kuti akawasenzere katundu, ndipo sanabwererenso. Mwanabibi anabereka kumsana mwana wake mmodzi yekhayo, Zena, n'kudutsa m'tchire mpaka kutulukira cha ku Chiponde. Anamupatsa malo kumapeto kwenikweni kwa msasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Namwera, pakati pa anthu osawadziwa. Sanali munthu wa mawu. Wolongolola anali Zena, kamtsikana ka zaka zitatu kosatha kukhala pansi, kothamangitsa ziwala tsiku lonse n'kubwera kali ndi njala ngati munthu wochokera kudimba.

Mvula itayamba, mumsasa munagwa matenda otsekula m'mimba. Wazaumoyo wina dzina lake Willard, mnyamata wowonda wa njinga yakuda, anasonkhanitsa amayi pamjigo.

"Amayi, thupi mukulionali ndi madzi okhaokha," anatero. "Chamoyo chilichonse, kaya nkhuku, kaya chimanga chanu, chimayenda ndi madzi m'kati. Akatha, chimafota. Koma madzi a m'thupi si a pamjigo pano ayi, ali ndi mchere. Mwana akamatsekula akutaya zonse ziwiri. Mapaketi a mankhwala atha, ndiye pangani nokha. Madzi owiritsa, shuga, ndi kamchere kongotsina ndi zala. Shugayo ndiye amalowetsa mchere m'magazi, mcherewo n'kukoka madzi. Chimodzi chikasowa mwangovutika chabe."

"Achimwene, kodi munakwatira?" anafunsa Alima, mayi wa pakamwa amene msasa wonse unkamudziwa. "Mwamuna wodziwa muyeso wa mchere chonchi asatiphonye. Tili nawo atsikana kuno!"

Amayi anaseka mpaka ena kugwira ndowa. Willard anayang'ana pansi, kukanda m'mutu, n'kukwera njinga yake. Mwanabibi, amene anaima kumbuyo, sanaseke. Anasunga mawu onse.

Zena anayamba kutsekula m'mawa wina kukuwaza mvula. Tsiku limenelo Mwanabibi anali kumwezi.

Anawiritsa madzi, kuwathira m'botolo, kuikamo shuga. Atafika pa mchere, dzanja linaima. Anatuluka kupita khomo loyandikana nalo, koma mayi wa pamenepo atangomva kuti mwana akutsekula anakokera ana ake m'nyumba.

"Imani pomwepo, amawo! Musatibweretsere matenda kuno."

Anathamangira kwa Alima. Anapeza chitseko chomanga ndi luzi. Alima anali atapita kuchipatala ndi mwamuna wake wodwala. Zoti akaime pakhomo la bambo wachilendo n'kufotokoza chifukwa chimene akulepherera kuthira yekha mchere, pakamwa pake sipakanatha.

Anabwerera n'kugwada pamphasa. "Zena, mwanangu, tsina apa. Tsina uponye umu." Mwanayo anayesa. Tizala tinafika pa mchere koma sitinagwirane. Mwanabibi anagwira kadzanjako kuti akathandize, kenako anakasiya msanga. Akakagwira iye, wothira ndi iyeyo. Kutsekula ana ena amachira, anaganiza motero, koma wa ndaka sanamuonepo atadzuka.

Choncho pa malo pa mchere anawonjezera shuga, n'kuwonjezeranso, kuti mwina mphamvu yake ikwanire. Zena anamwa mwaphuma poti zinali zotsekemera. Zonse zinangodutsa, ndipo zinkatuluka zambiri kuposa zimene zalowa.

Pofika masana maso anali atalowa m'kati. Ankalira koma misozi osatuluka. Mayi ake atatsina khungu la pamimba, linangoima osabwerera. Sanakodzenso. Ntchentche zinkatera pamilomo, iye osazipirikitsa. Chimene chinatsala ndi mpweya wokha, wothamanga, ngati wa mwanapiye wonyowa. Mwanabibi anamubereka, kutenga botolo, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala cha tenti chimene chinali kutsidya kwa dambo lodzaza madzi.

Pakati pa dambo anamva kuti kumsana kwalemera mwa mtundu wina. Mutu unkagunda paphewa pake pa phazi lililonse. Sanaime kuti aone.

Atafika kuchipatalako, Willard ndiye anamasula nsalu. Anaika khutu pachifuwa, kugwira pakhosi, kutsegula chikope. Kenako anamufunditsa mwanayo mpaka kumutu. Anatenga botolo, kudontheza pachikhatho, n'kulawa.

"Mayi, mchere munalibe?"

"Ndinali nawo."

"Nanga bwanji?"

Mwanabibi anayang'ana matope a kumapazi kwake. Mawu anatuluka aang'ono kwambiri. "Sindili bwino masiku ano. Ndinasowa wondithirira."

Willard anaika botolo pansi. Amayi ake omubereka, kwawo ku Malindi, nawonso masiku otere ankaitana mlongo wake kuti adzathire mchere m'ndiwo. Anakula akuziona zimenezo. Pamjigo paja sizinamubwerere m'mutu.

Amayi achikulire a kumzikiti anasambitsa mtembo n'kuukulunga m'sanda. Amuna anaunyamula dzuwa lisanalowe. Akazi sapita kumanda, ndiye Mwanabibi anaperekeza ndi maso mpaka anthuwo atakhota kuseri kwa chulu. Shehe atabwerako anamuuza kuti mwanayo wagona pafupi ndi mtengo wa msuku.

Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu. Alima anakwera, oyandikana nawo aja anakwera, msasa unasanduka minda. Mwanabibi anatsala. Anapempha kamalo m'mudzi wapafupi, ndipo amalima fodya m'minda ya eni. Misuku kumandako ndi yambiri, ndipo sadziwa kuti wake ndi uti.