Lamba wa Thalauzi M'mimba mwa Injini

Amuna anga ankakonda galimoto yawo kuposa ine, ndipo sindikunena mwansanje ayi, ndinachita kuzolowera kukhala mkazi wachiwiri. Inali galimoto yakalekale imene anasiya mzungu wa sitolo pobwerera kwawo. Nkhondo itavuta m'misewu yakutali, ife tinkangonyamulira anthu chimanga ndi nyemba kuchoka kumsika wa Milange kukatula pamalire a Muloza, basi.

Tsiku lina tikukwera kamtunda titadzaza matumba, ndinamva kugogoda kunsi kwa mapazi anga. Go! Go! Go!

"Abambo, akugogoda ndani kumeneku?"

"Palibe. Ndi mavavu a mu injini chabe amenewo."

"Mavavu amalira tiki-tiki chapamwamba, munandiuza nokha. Uku ndi kusinja, ndipo kukuchokera pansi."

"Amayi, inu dziwani za nyemba zanu."

Titafika kunyumba anatenga kansungwi kawo komvera. Mbali ina ankagunditsa pa injini, inayo kukhutu, maso ali tsinzi ngati munthu woulula machimo kwa ansembe. Pamwamba panali bwino. Pakati naponso bwino. Atafika pansi, nkhope inagwa. Anakhuthulira oyilo m'beseni langa losambitsira mwana, osapempha n'komwe, n'kutuluka nalo padzuwa. Munkanyezimira tizitsulo ting'onoting'ono ngati mamba a nsomba.

"Bering'i yadyeka," anatero ndi mawu a pamaliro. Ati kameneko ndi kachitsulo kofewa kokuta mtanda wozungulira wa m'kati, ndipo kakatha, chitsulo chimayamba kumenya chitsulo chinzake. Katsopano akanakapeza kuti, pamene ngakhale sopo ndi mchere tinkachita kukagula ku Malawi?

Ine mumtima ndinkavina. Masiku amenewo asilikali ankayenda khomo ndi khomo kutolera magalimoto oti alowe mu koluna, mdipiti wopita ku Mocuba, ndipo ankatenga galimoto pamodzi ndi woyendetsa wake. Msewu umenewo unali wa mabomba okwirira ndi zipolopolo zochokera m'tchire. Malinga ngati galimoto ikudwala, amuna anga akanagona pakhomo.

Koma amuna, abale inu! Masiku atatu anangokhala kunsi kwa galimoto, ine n'kumangoona zidendene. Tsiku lachitatu anavula lamba wawo wachikopa, wa paukwati wathu, n'kudulako kachidutswa. Anakanyika mu oyilo, n'kukaika pamene panadyekapo, n'kumanga. Thalauzi anamangira luzi. Ataliza injini, inangoti hiii, osagogoda ngakhale kamodzi.

"Mwamva, amayi? Alipo wina pa Milange pano angachite zimenezi?"

"Ndamva. Asilikalinso amva."

Anandiseka, ati ndine wamantha ngati nkhuku. Chabwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake tinamva kuti asilikali ayambira kutsidya kwa msika. Abambo ali kosamba, ine ndinatenga kachitini ka mkaka, n'kuponyamo mabawuti atatu, n'kukwawira kunsi kwa galimoto ndi chitenje changa chomwe. Ndinakamangirira ndi waya pachitsulo china chimene mpaka lero sindichidziwa dzina.

Anafika dzuwa litakwera pang'ono: mkulu wawo, asilikali anayi, ndi mdala wina waimvi amene anali makaniko wawo, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe.

"Motorista, liza!" anatero mkulu uja kwa amuna anga, kuwatchula woyendetsa m'Chipwitikizi.

Abambo analiza. Che-che-che-che! Galimoto yonse inalira ngati maseche a kutchalitchi. Amuna anga anatuzula maso, kukamwa yasa. Mdala uja anagwada, anasuzumira kunsi, kenako anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga nkhuku zanga. Anapisa dzanja, anamasula kachitini kaja mwakachetechete n'kukaika m'thumba mwake. Phokoso linatheratu.

Ndiye mumve zimene ananena bambo wa ana anga, pamaso pa anthu odzawatenga.

"Eyaa! Mwaimva? Ilibe vuto imeneyi! Ingathe kukafika ngakhale ku Quelimane!"

Ndinawaponda chala mwamphamvu. Iwo anangosuntha phazi n'kupitiriza kuyamikira injini yawo. Ndinalakalaka nditawatseka pakamwa ndi chitsononkho.

"Dikirani, achimwene," anatero mdala uja. "Ndibwerekeni kansungwi kanu."

Sanataye nthawi ndi pamwamba, anangolunjika pansi. Anauza amuna anga kuti aponde mafuta kenako asiye mwadzidzidzi. Kawiri, katatu. Nthawi iliyonse akasiya, ngakhale ine ndinkamva kakuti gu, gu, kobisala, ngati munthu wosinja m'nyumba atatseka chitseko. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anatikita oyiloyo pakati pa zala, n'kununkhiza.

"Kodi ng'ombe yalowa bwanji mu injini muno?"

Mdala uja anatsitsa maso pang'onopang'ono mpaka pa luzi la m'chiuno mwa amuna anga. Asilikali aja anaphulika nako kuseka, wina mpaka kutsamira mfuti.

"Nzeru ndi zabwino," anapitiriza mdala uja, "koma chikopa chapsa kale. Pamalire ingafike. Ikasenza katundu wathu, pamtunda woyamba chitsulo chidzaboola m'mbali mwa injini, ndipo koluna yonse idzaima kumbuyo kwake pamalo oipa."

"Mukunama, madala! Ndamanga ndekha ine!"

Apa sindinapondenso chala, ndinachita kutsina. Mkulu uja analavula pansi, anatukwana m'Chipwitikizi, n'kulamula anthu ake kuti azipita. Mdala uja potuluka anandipatsira kachitini kaja m'manja. "Mayi, sungirani mchere," anatero osandiyang'ana.

Onse analowa khomo loyandikana ndi lathu. Kumeneko anapeza lole ya mnansi wathu, imene amuna anga anaikonza okha mlungu wapitawo, mwaulere, n'kumauza aliyense kumsika kuti ikulira ngati yatsopano. Mdala uja anaimvetsera nthawi yaitali ndithu, kufunafuna choti anene, koma sanapeze kanthu. Madzulo ake lole inapita, mwini wake ali pachiwongolero.

Kwathu kunali nkhondo ina. Masiku awiri abambo sanandilankhule. Ati ndinawachititsa manyazi, ati mdala uja anali wansanje, ati makutu ake anagontha ndi mizinga. Ndinkangowapatsa madzi osamba n'kumamwetulira ndekha kuseri. Ndinali wokondwa, sindibisa, ngakhale ndinkachita manyazi ndikamva ana akulira kukhomo linalo.

Panapita milungu iwiri. Magalimoto ena a mu koluna anabwerera, ena ayi, ndipo obwererawo sankafuna kufunsidwa. Tsiku lina masana mkazi wa mnansi uja anabwera, mwana kumsana, n'kukhala pansi pafupi ndi galimoto yathu.

"Abambo, inu ndi amene munaikonza. Mwina yangowafera panjira, eti? Mwina ali pamudzi wina, akudikira chitsulo?"

Ndinayang'ana amuna anga. Chikwatirane sindinawamvepo akuvomera kuti ntchito ya manja awo yalakwika. Anapotokola luzi ndi zala.

"Zoona, mayi," anatero. "Pali bawuti ina ndikukayika kuti sindinaimange bwino. Iyenera kuti yawafera panjira."