Bambo a Mapasa

Amphaka athu awiri anabwera m'chipewa cha njinga yamoto. Linali tsiku langa lobadwa, chaka chachiwiri cha ukwati wathu, ndipo ine ndinkayembekezera nsapato. Ndinali nditaziloza kawiri konse m'sitolo ina pa Boma, mokweza mawu kuti ngakhale gonthi amve. Koma amuna anga anatsika panjinga atafungatira chipewa ngati mbale ya ndiwo, n'kuti, "Ndakupezerani mphatso." Mkatimo munali tinthu tiwiri ta manthongo m'maso, kena kakuda, kena kamawangamawanga. Anatitola m'chigafa cha fodya ku Kapelula, galu atapha make. Ndinakwiya masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinapezeka ndikutimwetsa mkaka ndi sipuni.

Tinkakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi kwa Mwase. Ine ndinkaphunzitsa Sitandade 4, iwo anali alangizi a zaulimi. Zinali zaka za feteleza wotsika mtengo, makuponi a pepala atasiyidwa, anthu akugula pogwiritsa ntchito zitupa za unzika. Mvula ikamayandikira, khomo lathu linkasanduka ofesi. Ndikatsegula chitseko m'mawa kuti ndikataye phulusa, ndinkapeza amayi atatu kapena anayi atakhala kale pakhonde, zitupa atamanga kunsonga ya chitenje. Mawu anali amodzimodzi: "Dzina langa silinatuluke." Amuna anga ankafotokoza kuti mayina sasankha ndi iwo, kuti iwo amangolemba n'kutumiza, koma ndani akanakhulupirira? Ena ankachoka akulira, ena akutukwana chamumtima, ena ankasiya nkhuku yomwe tinkayenera kuithamangitsira kwa mwini wake. Pofika madzulo munthu uja ankabwera ali mbuu ndi fumbi, mawu atamuthera.

Akasamba, ankagona pasofa n'kutsegula foni. Munali masewera ena ake a pa intaneti. Aliyense anali ndi kamudzi kake, ka mpanda, minda ndi asilikali, ndipo midziyo inkagwirizana m'magulu n'kumathira nkhondo magulu ena. Gulu lawo linali la Amalawi okhaokha amene sanaonanepo maso ndi maso, wina ku Mzuzu, wina ku Limbe, ena ku Joni. Ndinkawaseka. Munthu watopa ndi minda ya eni ake tsiku lonse, wafika pakhomo, akukalimanso m'foni! Koma kuseka kwanga kunali kwa pakamwa chabe. Chimene chinkandiwawa n'chakuti m'fonimo ankamwetulira. Mphaka wamawanga ali pamimba pawo, zala zili piringupiringu, ankaseka chikhakhali chimene ine ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Ndikafunsa chaseketsa n'chiyani, ankati, "Aa, ndi anyamatawa."

Zaka zinayi zinali zitakwana tilibe mwana. Sindidzazungulira, nkhani yake ndi imeneyi. Anzanga onse a kusukulu ankaitanidwa make uje, make uje. Ine ndinali "aphunzitsi" kusukulu, "aphunzitsi" kutchalitchi, "aphunzitsi" ngakhale kumudzi kwa amuna anga ku Simlemba, kumene tinkapita Khirisimasi iliyonse. Kumeneko moni ankandipatsa kumaso, koma maso ankatsikira pamimba. Apongozi anga aakazi sanali munthu wankhanza. Ankangondiyika m'manja mwa aliyense amene wamveka kuti amathandiza, ndipo chaka china ndinakwera phiri ndi amayi a mapemphero, osadya kuyambira m'mawa. Kuchipatala ndinapita ndekha kawiri. Anandiyeza zoyeza zawo, n'kundiuza kuti ndibwere ndi bambo. Bambowo ankati ikatha nyengo ya feteleza. Ikatha, ankati alimi akamaliza kugulitsa fodya. Fodya akatha, ankati zonse ndi nthawi ya Mulungu. Ndinafika poganiza kuti iwo nkhaniyi siiwakhudza, kuti ndikulira maliro ndekha m'nyumba ya anthu awiri.

Chaka chachinayicho amuna anga anatumidwa masabata awiri kumidzi ya kuseri kwa Kapelula kukatsimikiza mayina, kumalo kopanda magetsi, kumene netiweki amaipeza pokwera pachulu. Anatenga kafoni ka mabatani, yaikuluyo n'kundisiyira. Anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu.

"Tsiku lililonse muzikolola apa, muzidina apa, asilikali muziwatumiza apa. Mukadumphitsa masiku atatu, andichotsa m'gulu."

"Ndiye mwandilemba ganyu?"

"Chonde. Koma m'kabokosi ka macheza aka musalowemo. Ndi zopusa za anyamata."

Ndinagwira ganyu yanga mokhulupirika. Ndikaweruka, ndinkavula nsapato, kupatsa amphaka usipa, n'kukolola tirigu wa m'foni pamene chimanga chathu chenicheni kuseri kwa nyumba chinali chisanabzalidwe. M'kabokosi muja sindinalowemo, osati chifukwa cha ulemu, koma chifukwa cha kutopa.

Tsiku langa lobadwa linagwa Lachinayi la sabata yachiwiri. Magetsi anali atazima, choncho keke ndinaphika m'poto, makala pansi ndi pamwamba, ndipo inapserera mbali imodzi. Amuna anga anaimba masana, mawu akudukaduka, ndinangomva "tsiku" ndi "ndikabwera". Cha m'ma folo ndinakhala pakhonde ndi foni ija. Pakona pa kabokosi panali kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti mauthenga achuluka kuposa masiku onse. Ndinadinapo.

Woyamba unati, "Bambo a mapasa, lero ndi lero! Ana akwanitsa ziwiri." Wina, "Keke ikhalepo bwana, musawamane." Wina, "Mulungu awakuze, apatseni moni mayi awo."

Thupi lonse linazizira. Ndinaganiza zimene mkazi aliyense akanaganiza: kwinakwake ku Kapelula kuli nyumba ina, kuli mkazi wina, ndipo nyengo ya feteleza yakhala ikubisa zambiri. Ndinayamba kukweza macheza aja m'mwamba, kufunafuna dzina la mkaziyo. Ndinabwerera miyezi ndi miyezi. Dzina sindinalipeze. Ndinapeza amuna anga akulemba kuti, "Wamkaziyu wagwetsa kapu yanga ya tiyi dala, akundiyang'ana m'maso." Kwina, "Wamwamuna sagona pokhapokha pamimba panga." Kwina, "Akana phala onse awiri, akufuna usipa."

Kapu imeneyo ndinaidziwa. Ndinasesa zidutswa zake ndine. Anaigwetsa ndi mphaka wakuda, amene pa nthawiyo anali pamapazi anga akunyambita mchira.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinaseka ngati munthu amene galimoto yamuphonya pang'ono. Kenako ndinapitiriza kuwerenga, ndipo kuseka kunatha. Munthu amene kunyumba nkhani ya ana ankaithawa ngati moto, m'menemo anali tate wonyadira. Mnyamata wina wa ku Mzuzu atadandaula kuti khanda lake likumera mano ndipo silikugona, amuna anga anamulangiza modekha, ngati anazionapo. Mayi wina wa m'gulumo akapempha chithunzi cha mapasa, ankayankha kuti madamu amakana kuyika nkhope za ana pa intaneti. Ndipo pena analemba kuti, "Mayi awo ndi mphunzitsi. Amawalera bwino kuposa ine. Ndikawaona atatuwo atagona pamkeka, kutopa konse kumatha." Mawu otere ine anali asanandiuzepo.

Mauthenga ankabwerabe, ena akufunsa ngati bambo a mapasa akudwala poti angoti zii. Ndinalemba kuti, "Zikomo nonse. Ana ali bwino." Ndinawanamira anthu osawadziwa m'malo mwa amuna anga, ndipo chala sichinavute n'komwe. Keke ija ndinadya mbali yosapserera, inayo ndinapatsa nkhuku za aneba.

Amuna anga anabwera Loweruka masana. Ndinawatenthetsera madzi, anadya, ndipo atakhala pakhonde n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse foni, ndinati, "Anzanu akuti mapasa akule bwino."

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Sanakane, sanakalipe kuti ndinalowereranji. Anangoyang'ana njinga yawo.

"Zinayamba ngati nthabwala," anatero. "Wina anafunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati awiri. Ndinkati ndiwauza mawa lake."

"Zaka ziwiri?"

"M'gulu muja palibe amene amandifunsa kuti vuto ndi la ndani."

Ndinamva chisoni, ndisaname. Ndinaona kuti mpata ndi umenewu, ndipo ndinalankhula mofatsa kuposa masiku onse. Ndinati ngati mukuwafuna ana chonchi, tiyeni Lolemba tipite limodzi kuchipatala, feteleza adikire tsiku limodzi.

"Ndinapita kale," anatero.

Anapita chaka chapitacho, atatumidwa ku maphunziro ku Lilongwe. Anayezetsa kawiri, pa zipatala ziwiri zosiyana, ndipo yankho linali limodzi: vuto linali kwa iwo, ndipo chiyembekezo chinali chochepa. Pepala lake linali m'faelo ya mayina a alimi, momwe ankadziwa kuti sindingagwiremo. Ndinawerenga miyezi chamumtima. Pamene ndinkakwera phiri lija ndi njala, iwo anali akudziwa. Anandiperekeza mpaka patsinde, n'kundinyamulira botolo la madzi.

Sindinakuwe. Ndikanakonda ndikanakuwa, mwina zikanatuluka. Ndinangomva kutopa kwa zaka zinayi kukundikhalira pamapewa nthawi imodzi. Masabata otsatirawo tinkakhala ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Amayi a zitupa ankabwerabe m'mawa, ine ndinkawapatsa mpando. Amuna anga masewera aja anasiya, gulu linawachotsa, ndipo madzulo ankangokhala manja ali pamaondo. Zimenezonso zinandikwiyitsa, chifukwa tsopano m'nyumbamo munalibe woseka ngakhale mmodzi.

Khirisimasi itayandikira ndinawauza mawu amodzi. "Ku Simlemba ndipita pokhapokha mukawauze amayi ndi pakamwa panu, ine ndilipo. Apo ayi, pitani nokha, ine nditsala ndi ana anuwa." Anavomera. Amphaka tinasiyira aneba, tinakwera njinga m'matope, ndipo njira yonse ndinkamva msana wawo uli gwaa ngati thabwa.

M'mawa wa Khirisimasi, anthu asanayambe kukonzekera kutchalitchi, tinawapeza apongozi kuseri kwa khitchini akusadzula nkhwani. Amuna anga anagwada pansi ndi thalauza lawo latsopano. Anayamba ndi za mvula, anapita ku za feteleza, mpaka ndinatsokomola. Pamenepo anati, "Amayi, nkhani ya ana ija. Aphunzitsiwa alibe vuto. Ndinakayezetsa. Vuto lili kwa ine."

Apongozi anasiya nkhwani. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina wamva. Misozi inatsika osaipukuta. Ine mtima unayamba kupepuka, ndinati basi, katundu uja watsika. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwana wane," anatero, "takulakwira. Ine ndakulakwira kwambiri. Ndamva, ndipo sindidzakutumanso kwa wina aliyense." Anatsitsa mawu. "Koma izi zithere pompano. Mwamuna akadziwika ndi zimenezi, pamudzi pano sangayimenso pa anthu. Ngakhale alimi akewo adzamuseka. Iwe ndiwe wolimba, wasenza kale zaka zinayi. Senzabe, mwana wane. Ndikupempha."

Ndinayang'ana amuna anga. Anali chigwadire, mutu uli pansi. Anachita zimene ndinawauza, mawu ndi mawu, ndipo sindinawauze zoti achite amayi awo akayankha chonchi. Ndinadikira. Tambala analira kuseri kwa nkhokwe, mwana wina anaitana kuti madzi osamba atentha, ndipo iwo sanadzutse mutu. Ndinati, "Ndamva, amayi."

Titabwera kutchalitchi tinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, mpunga ndi nkhuku zili pakati. Mkazi wa alamu anga aakulu anabwera ndi khanda lake lachisanu, n'kundiyika pamiyendo anthu onse akuona. "Nyamulaniko, aphunzitsi," anatero mokweza, "mwina angakutsegulireni njira. Alamu athuwa adikira mokwanira." Anthu anaseka, ena anati zoona. Pamkekapo tinalipo atatu odziwa. Apongozi anali kalikiliki kugawa nyama, amuna anga ankayang'ana m'mbale mwawo. Khandalo linali lofunda, lonunkhira sopo, ndipo linandigwira chala. Ndinaliyika paphewa n'kuyamba kulisisita pamsana, kuti nkhope yanga ikhale ndi kobisala.