Chala cha Nambala Faifi

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, chaka chimene fakitale yathu ku Kafue inachotsa anthu ambiri ntchito. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo ndinkapita kuchimbudzi pafupipafupi moti mkazi wanga, Amake Chipo, anandiseka kuti ndingosamukira komweko. Thupi linkatopa msanga, thalauzi n'kumatsika m'chiuno. Ine ndinati ndi dzuwa chabe.

Ndinasewera mpira zaka zambiri mu timu ya fakitale, kumbuyo, nambala faifi. Ankanditcha Chipupa. Difenda amaphunzira msanga kuti sitiraika asadziwe pamene pakukupweteka, chifukwa akadziwa amadzera pomwepo. Miyendo italemera anandipatsa ukochi, koma khalidwe lobisa ululu ndinapita nalo.

Kale kiliniki ya kampani inkatipima tonse ligi isanayambe. Makampani atayamba kugulitsidwa, kilinikiyo inatsekedwa, ndipo timu inatsala ndi chikwama cha bandeji, mafuta otikitira ndi gulukosi. Kwa munthu wampira, mankhwala a kutopa ndi gulukosi. Choncho ndikatopa ndinkanyambita gulukosi pamodzi ndi anyamata, mwinanso kuwaposa. Sindinkadziwa kuti ndikudyetsa matenda.

Mvula itayamba, ndikuonetsa madifenda kalandidwe ka mpira, ndinapunthwa chala chachikulu cha phazi lamanja. Chikhadabo chinada, pansi pake panatuluka chilonda. Zala za difenda sizikongola, ndiye sindinadabwe. Chinandisangalatsa n'chakuti sichinkapweteka. Ndinkachitsuka ndi madzi amchere, kumanga bandeji, n'kuvala nsapato.

Anandigwira ndi Amake Chipo pochapa masitonkeni anga, chifukwa cha fungo. Sanakangane nane. M'mawa ndinapeza nsapato zanga zonse zabisidwa, pakhomo patatsala patapata. Phazi linali litatupa mpaka pakakolo, ndipo kochi sangapite kubwalo ndi phazi lotero aliyense akuona. Tinapita kuchipatala.

Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa litakwera. Anandibaya chala cha dzanja n'kupima magazi, ndipo tsiku lomwelo anandigoneka. Dokotala anandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndi kuti shugayo ndi amene anapha mitsempha ya phazi, n'chifukwa chake sindinkamva ululu. Kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere pamwamba pa kakolo, kumtunda pang'ono kwa pamene kufiira kunalekezera.

"Kukapita apa, tizajuba mwendo," anatero, kutanthauza kuti kufiirako kukadutsa mzerewo adzadula mwendo.

Ndinachita mantha, sindibisa. Mwendo umenewo ndi umene unandipezera ntchito ndi nyumba ku Kafue Estates, ndipo sindinkaona kuti ndingaphunzitse bwanji mpira popanda iwo. Moyo wanga wonse ndinali kuteteza mzere, koma uwu ndinkangouyang'ana ndili chogona.

Masiku a m'wodi ankafanana. M'mamawa kupima shuga, jekiseni pamimba, diripu padzanja, kenako kutsuka chilonda. Nshima ankandipatsa yochepa ngati ya mwana, ndiwo zamasamba n'kuchuluka. Wotsuka chilonda anali Sista Mweemba, mayi wa manja amphamvu. Tsiku loyamba anandiyang'anitsitsa.

"Ba Chipupa, simunidziwa? Ndine mukazi wa Sitali. Munamuchaya mwendo pa bola, ananigonera mwezi panyumba. Manje lelo mwabwera mweka."

Sitali anali sitiraika wa timu ina, amene ndinkamugwetsa nthawi zonse tikakumana, ndipo tsiku lina ndinamumenya mwendo mpaka anagona mwezi wathunthu. Wodi yonse inaseka, ine ndinatuluka thukuta. Koma mayi ameneyo anasamalira phazi langa kuposa mmene ine ndinalisamalirira, ndipo m'mawa uliwonse ankandionetsa mzere uja kuti ndione ndekha.

Lamlungu anyamata a timu anabwera kudzandizonda. Mwa chikondi chawo anandibweretsera paketi ya gulukosi ndi zakumwa zotsekemera, kuti kochi apeze mphamvu. Sista Mweemba anawathamangitsa nazo mpaka pakhonde. "Mufuna kumusiliza?" anawafunsa. Atabwerera anawakhazika pansi n'kuwafotokozera za shuga, ndipo anamvetsera kuposa mmene amandimverera ine.

Kufiira kunafika pamzere penipeni, n'kuima. Kunakhala pamenepo masiku angapo, Amake Chipo akupemphera, ine ndikuyang'ana. Kenako kunayamba kubwerera. Dokotala anati mwendo wapulumuka, koma chala chinali chitafa kale, ndipo anachidula. Ndinalira pang'ono, chifukwa chala chimenecho chinachotsa mipira yambiri pagolo. Komabe ndinatuluka m'chipatala ndi miyendo iwiri.

Kuyenda ndinaphunziranso pang'onopang'ono, poyamba ndi ndodo. Mvula isanathe ndinabwerera kubwalo. Sitali anabwera kudzandiona ndi mkazi wake, n'kupempha kuti ndivule nsapato. Atayang'ana anapukusa mutu. "Sembe anajuba kudala, sembe ninagoletsa maningi," anatero, kutanthauza kuti chalacho chikanadulidwa kale, iye akanagoletsa zigoli zambiri.

Lero ndili bwino. Ndimadzibaya jekiseni ndekha, tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo sindiphonya tsiku la kuchipatala. Ndikuphunzitsabe mpira. Tikamaliza masewera, anyamata amavula nsapato ine n'kuyendera mapazi awo, ndipo wa chilonda sabwerera m'bwalo asanaonane ndi a chipatala. Gulukosi wa m'chikwama ndimangopatsa ena, ndipo Amake Chipo anandibwezera nsapato zanga.

Kwa anzanga ampira, makamaka madifenda ouma mutu ngati ine, ndikuti ludzu losatha, kuwonda ndi chilonda chosapola musazisunge m'nsapato. Pitani msanga mukapimitse. Ine ndinataya chala chifukwa chobisa, ndipo ndikanachedwa pang'ono ndikanataya mwendo. Sitiraika mubiseni ululu, koma dokotala muonetseni pamene pakupweteka, ndi pamene pasiya kupweteka pomwe.