Foda ya Nyimba Imene Sindinaipange

Chipani chikali chimodzi, ofesi yathu ya alimi ku Petauke inalandila kompyuta. Ndinalemba timalamulo tosamutsa mafayilo onse a ku Nyimba, ndikuika kanyenyezi koimila dzina lililonse. Koma foda yowalandila ndinali ndisanaipange, ndipo sindinauze makinawo kuti aime akapeza kuti palibe. Fayilo iliyonse inangogwela pa inzake n'kuifafaniza. Inatsala imodzi yokha.

M'mafayilo ofafanizikawo munali maina a olandila feteleza, ndipo mapepala akale chiswe chinali chitadya. Mvula itayamba, amai ena anabwela panjinga kuchokela kutali.

"Bambo, dzina langa lilipo?"

Ndinafufuza kawili, ngakhale ndinali kudziwa kale. Chaka chimenecho chimanga chawo sichinaone feteleza.