Bwato Langa Litaitanidwa ku Boma

Mboni zanga ndi izi: mlamu wanga, amene anamwalira, nkhalamba yogontha imene inkagulitsa mchere padooko, ndi mtengo wa mgwalangwa umene unapita ndi madzi osefukira. Mpaka lero palibe mwa iwo amene wanditsutsapo.

Ndinali woolotsa anthu pa Shire, kwa Mlolo, masiku amene sitima zoyendera nkhuni zinkadutsa zikulavula utsi, udzudzu uli wonenepa moti tinkauthamangitsa ndi agalu. Nsomba zinkadumphira zokha m'bwato, ine n'kumazilipiritsa. Masiku okoma amenewo.

Kulemba sindinkadziwa. Munthu akakwera pangongole ndinkasema chizindikiro chake m'kati mwa bwato: wadazi dzira, wamiseche lilime. Kumutu kwa bwato ndinkasemako opita ku Makhanga, kumchira otsika ndi madzi mpaka kwa Ndamera. Mudzi wonse unkatha kuwerenga zimenezi, choncho ndinkayalapo mphasa.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kunafika mayi wina, mwana kumsana, diso lotupa.

"Achimwene, nditsitseni mpaka kwa Ndamera. Kobiri ndilibe. Bambo a mwanayu asadziwe."

Ndinapalasa. Pobwerera ndinasema kumchira mphini zonga za patsaya pake.

Mwamuna wake, wovala chipewa ngakhale posamba, anandifunsa mwezi wathunthu. Ndinkamuyankha kuti ndimaolotsa matupi, mayina amatsala kumtunda. Kenako anakasuma ku Boma kuti msodzi wina wamubera mbuzi n'kuiolotsa, ndipo umboni uli m'bwato langa. Mesenjala anabwera ndi pepala loitana bwatolo. Ine anati ndingoliperekeza.

Ndinadziwa kuti wachipewa sakufuna mbuzi. Akangoona mphinizo kumchira, mawa lake ali kwa Ndamera ndi chikoti. Mmawa wa mlandu ndinamata m'kati monse ndi dothi lamakande.

Tinapalasa mpaka ku Boma, amuna n'kulinyamula paphewa kulowa nalo m'khoti. Mchira unatsala panja, anthu obwera mochedwa n'kukhalapo ngati benchi. Mzungu woweruza analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulankhula kudzera mwa womasulira.

"Bwana akuti, mboniyi yabwereranji yosasamba?"

"Auzeni bwana kuti m'bwato muno muli anthu amene sanaitanidwe," ndinatero. "Muli okaona zibwenzi, okafuna mankhwala a matenda osatchulika, ndi mphunzitsi wokagula kachasu. Ali kuminda kwawo, sangadziyankhire. Inu mwaitana mbuzi."

"Litsukidwe lonse," anatero wachipewa. "Kuyambira kumchira."

"Bwana akuti, mbuzi yanuyo inakhala kumchira?"

"Sindikudziwa."

"Bwana akuti, mwataya mbuzi kapena mudzi?"

Woweruza analamula kuti nditsuke pa mbuzi pokha, ndipo aonepo iyeyo, womasulira ndi eni mlandu awiriwo basi. Ena onse anawatembenuzira kukhoma, ngakhale mlamu wanga, amene anadandaula za zimenezi mpaka tsiku lomwalira.

Ndinanyowetsa chala n'kutsuka malo aakulu ngati chikhatho, kumutu kwenikweni. Panatuluka nyanga ziwiri. Pambali pake, chipewa. Mwini wake ndiye anaiolotsa yekha kukagulitsa ku Makhanga, pangongole, osaganiza kuti nayenso ndimusema. Msodzi anamasulidwa. Wachipewa anatuluka akusuzumira kumchira, koma makande akauma sauza munthu kanthu. Anthu okhala pamenepo sanasunthenso.

Dothilo sindinalichotse. Ngongole zambiri zinafera pansi pake, ndipo kumchira kunamera mpunga, umene ndinakolola kawiri.

Madzi anasefukira n'kuphwa, n'kusefukiranso. Sitima zinayamba kuchepa. Tsiku lina wogulitsa nsomba wochokera kwa Ndamera anandipatsa mlamba wowamba, wokulunga m'masamba a nthochi.

"Mayi wa mphini zonga uja akuti mwana wake tsopano akuwedza yekha. Akutinso mudye mosamala."

Sindinamvere. Dzino ili mukuona palibeli linathyokera pa kobiri lake, limene anabisa m'mimba mwa mlambawo.