Moni wa Mphunzitsi wa Silati

Achikulire amene amaphunzitsa silati, luso lodziteteza, m'mudzi mwathu muno ku Sumatra amayenda atapinda mawondo ngati akuwokera mpunga. Amakonda kunena kuti, "Zaka makumi anayi msana uwu sunalawe dothi. Ukandigwira miyendo ndine chitsa, ukaponya chibakera umenya mphepo." Ndipo sayamba ndewu asanapereke moni wamwambo: kuphatikiza manja, kuwerama, kukhudza pansi.

Tsiku lina pamsika, Syafril wogulitsa nsomba anatukwana mwana wawo wamkazi. Achikulire anavula nsapato n'kuyamba moni uja. Ali chiweramire, Syafril anangowakoka mwendo, khuu m'matope!

"Iwe, unakulira kuti?" anakalipa achikulirewo ali chagada. "Ndinali ndisanamalize kukulonjera!"

Zaka zija akuwerengabe. Chaka chino akuti zakwana makumi anayi ndi chimodzi.